Mwala Woyeza Fungo: Mbiri ya Zipangizo za SAW Zodziwira Poizoni Mumpweya

Pa zipangizo zimene anthu apanga kuti azidziwira ngati mumpweya muli poizoni, pali kena kochepa kuposa chikhadabo kamene kamagwira ntchito mwa njira yakeyake, chifukwa kamayeza kulemera kwa fungo. Ndi kachidutswa ka mwala wa quartz kamene pamwamba pake pamayenda timafunde ta kunjenjemera tosaoneka ndi maso. Nthunzi ya mankhwala ikamatirira pamwalapo, timafundeto timayamba kuchedwa pang'ono, ndipo kuchedwako n'kumene makina amawerenga n'kuliza belu. Akatswiri amatcha timafundeti surface acoustic wave, mwachidule SAW, kutanthauza mafunde a mawu oyenda pamwamba pa chinthu cholimba. Mwalawo si wachilendo kwa munthu wa ku Mulanje. Timibulu tonyezimira ngati galasi timene timaoneka mumchenga wa Ruo kapena wa Likhubula, tokokoloka kuchokera m'matanthwe a phirilo, tambiri mwa ito ndi quartz yemweyo, kungoti wa m'makinawa amachita kumupanga m'fakitale kuti akhale wopanda chilema.

Mwalawu usanapatsidwe ntchito imeneyi, mlonda wa mpweya woipa lidali thupi la chamoyo. M'migodi ya malasha anthu amaopa mipweya iwiri: methane, amene amaphulika akakumana ndi kamoto, ndi carbon monoxide, amene amatsala moto ukayaka ndipo amapha mwakachetechete poti alibe fungo. Cha m'ma 1890 dokotala wa ku Scotland, John Scott Haldane, atayeza matupi a anthu ofera pansi, adapeza kuti ambiri adaphedwa ndi mpweya wachiwiriwu, kuphulikako kutadutsa kale. Adalangiza kuti olowa mumgodi azitenga mbewa kapena kambalame, popeza kanyama kakang'ono kamapuma mofulumira ndipo poizoni amakagwetsa munthu asanamve kanthu. Umo ndi momwe canary, kambalame kachikasu kokula ngati mpheta, kadalowera ntchito ya m'migodi, ndipo ku Britain kadaigwira mpaka mu 1986.

Mpweya wa m'migodi udawapeza ndithu Amalawi amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, kapena kuwoloka Zambezi kupita ku Wankie. Pa 6 June 1972 mgodi wachiwiri wa Wankie udaphulika, anthu 427 n'kuferamo, ndipo ena mwa iwo adali ochokera kuno. Pa 16 September 1986 ku Kinross, ku South Africa, moto udagwira zomatira makoma a mgodi wa golide, utsi wake n'kupha anthu 177.

Nkhondo ndiyo idachititsa kuti nkhani ya mpweya wakupha ifike pa matebulo a maboma. Pa 22 April 1915, pafupi ndi tawuni ya Ypres ku Belgium, asilikali a Germany adatsegula masilinda zikwi zingapo a klorini, mphepo n'kunyamula mtambo wobiriwirawo kupita nawo m'maenje a adani awo. Adakonza zimenezi ndi Fritz Haber, katswiri yemwenso adatulukira njira yopangira ammonia kuchokera mumlengalenga, njira imene feteleza wa urea wolimbiranidwa chaka ndi chaka uja amachokerako. Pambuyo pa klorini padabwera phosgene, kenako mu 1917 mpweya wa mustard wotukusira matuza pakhungu. Ndi nkhondo yomwe ija imene kuno imakumbukika ndi kumenyana kwa ku Karonga ndiponso mtengatenga. Pomwe inkatha mu 1918, mipweya imeneyi idali itapha anthu pafupifupi 90,000 ndi kuvulaza oposa miliyoni imodzi.

Chodziwira chimene asilikali adali nacho masiku amenewo idali mphuno. Ankawaphunzitsa kuti phosgene amamveka ngati udzu womweta umene wayamba kuvunda, ndipo mustard amamveka ngati adyo. Mlonda akanunkhiza ankamenya chitsulo chopachika, monga momwe kusukulu amamenyera limu ya galimoto, anzake n'kuthamangira zophimba kumaso. Koma mphuno imazolowera fungo msanga, ndipo matuza a mustard amatuluka patapita maola, munthu atapuma kale wokwanira. Pangano la ku Geneva la 1925 lidaletsa kugwiritsa ntchito zida zoterezi koma silidaletse kuzipanga, ndipo dziko la Italy lidathira mustard pa anthu a ku Ethiopia mu 1935 ndi 1936 popanda woliletsa.

Chimene chidathetseratu ntchito ya mphuno chidachokera ku ulimi. Mu December 1936, ku Leverkusen m'dziko la Germany, Gerhard Schrader wa kampani ya IG Farben ankafunafuna mankhwala atsopano ophera tizilombo ta m'munda, a m'gulu la organophosphate. Adapeza amodzi amene adapha nsabwe za m'masamba modabwitsa, koma kadontho kake katatayikira patebulo, iye ndi womuthandiza adayamba kubanika, mboni za m'maso mwawo zitachepa ngati kansonga ka singano. Mankhwalawo adatchedwa tabun ndipo boma la Hitler lidawalanda n'kuwabisa. Mu 1938 gulu lomwelo lidapanga sarin, ndipo mu 1944 Richard Kuhn adapanga soman. Ku Britain nako nkhani idayenda chimodzimodzi. Mu 1952 Ranajit Ghosh, wa kampani ya ICI pamalo ake ofufuzira za ulimi a Jealott's Hill, adapeza mankhwala amene adagulitsidwa kwa alimi pa dzina la Amiton, koma adachotsedwa pamsika ataoneka kuti ngoopsa kwambiri. Akatswiri a zankhondo a ku Porton Down adatola pomwepo n'kufika pa poizoni wotchedwa VX.

Mankhwala onsewa amagwira malo amodzi m'thupi. Minyewa ikatumiza uthenga ku mnofu kuti ukokeke, pamakhala enzayimu yotchedwa acetylcholinesterase imene imafufuta uthengawo kuti mnofu umasukenso. Poizoniyu amamanga enzayimuyo. Uthenga ukapanda kufufutidwa, thupi lonse limangokhalira kulamulidwa: dovu, misozi ndi thukuta zimangotuluka, munthu amasanza, amatsegula m'mimba, amaphupha, mapapo amadzaza madzi mpaka kupuma kumaleka. Sarin woyengedwa bwino alibe mtundu ndipo alibe fungo. Munthu womudikira ndi mphuno amadziwa kuti wafika pamene maso ayamba kale kuchita mdima.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudzira nkhokwe ndi dimba la ku Mulanje. Ufa wa Actellic umene mabanja amathira m'matumba a chimanga poopa anankafumbwe uli ndi pirimiphos-methyl, amene ndi organophosphate, ndipo adatulukiridwa ku Jealott's Hill komwe kuja, zaka 15 pambuyo pa Amiton. Mphamvu yake pa munthu ndi yochepa kutalitali poyerekeza ndi sarin, n'chifukwa chake amaloledwa pa chakudya akathiridwa mwa muyezo, koma fuko lake ndi limodzi. Temik, amene m'misika amangoti tameki ndipo amagulitsidwa mobisa m'timapepala ngati mankhwala a makoswe, ndi aldicarb. Iyeyu ndi wa banja lina, la carbamate, koma amamanga enzayimu yomwe ija, ndipo azachipatala m'dziko muno amawadziwa bwino maonekedwe a munthu amene wamumwa. Mpweya umene udatuluka pafakitale ya Union Carbide ku Bhopal, m'dziko la India, usiku wa pa 2 December 1984 n'kupha anthu zikwizikwi, ndi womwe amapangira mankhwala a banja la tameki. M'boma limene tiyi wakhala akulimidwa kuyambira cha m'ma 1891, limene lili ndi likulu la kafukufuku wa tiyi la Tea Research Foundation ku Mimosa, ndiponso kumene alimi a tomato ndi masamba amapopera mbewu sabata ndi sabata, funso lakuti mumpweya muli chiyani si la asilikali okha.

Njira zoyamba zolowa m'malo mwa mphuno zidadalira kusintha kwa mtundu. Mu 1937 kampani ya Dräger ya ku Lübeck idatulutsa kachubu kagalasi kokhala ndi ufa umene umasintha maonekedwe mpweya woipa ukadutsamo. Asilikali adapatsidwa mapepala amene amachita mawanga achikasu, ofiira kapena obiriwira dontho la poizoni likagwerapo, komanso timakadi tokhala ndi enzayimu yeniyeni yotengedwa ku nyama, kuti poizoni akaimanga pakadipo, munthu adziwe kuti ya m'thupi mwake ili pangozi. Zonsezi zimagwira ntchito mpaka lero, koma chilichonse chimagwira kamodzi n'kutayidwa, ndipo chimafuna munthu woti aime pomwepo n'kumachiyang'ana. Chimene chinkasowa ndi mlonda wosagona, wotha kukhala tsiku lonse akuyesa mpweya.

Nzeru za mlonda woteroyo zidali zitayalidwa kale ndi anthu amene sankaganiza n'komwe za poizoni. Mu 1880 ku Paris, Jacques ndi Pierre Curie, pachibale pawo, adapeza kuti quartz akafinyidwa amatulutsa magetsi, ndipo posakhalitsa kudatsimikizika kuti akapatsidwa magetsi amafufuma kapena kunyala pang'ono. Magetsiwo akamasinthasintha, mwala umanjenjemera, ndipo umatero mosaphonya. Wotchi yapamkono yolembedwa kuti Quartz imasunga nthawi chifukwa m'kati mwake muli kamwala kogwedezeka ka 32,768 pa sekondi iliyonse. Mu 1885, Lord Rayleigh wa ku England adasonyeza ndi masamu kuti pali mtundu wa mafunde umene suloweza pansi koma umayenda pamwamba penipeni pa chinthu cholimba, mphamvu yake yonse itaunjikana m'kachikopa kapamwamba. Rayleigh ankaganiza za zivomerezi, ndipo mu 1900 Richard Dixon Oldham adawaonadi mafundewo pa zojambula za makina oyezera chivomerezi. Anthu amene adamva nthaka ikuyendayenda ngati madzi pa chivomerezi cha ku Salima mu March 1989, kapena cha ku Karonga mu December 2009, adamva mafunde a mtundu umenewu ali aakulu msinkhu wogwetsa nyumba.

Padapita zaka zambiri zinthu ziwirizi zisanakumane. Mu 1959 Günter Sauerbrey wa ku Berlin adasonyeza kuti kanthu kakamatirira pa quartz wonjenjemera, liwiro la kunjenjemerako limatsika molingana ndi kulemera kwa kanthuko, motero mwalawo ndi sikelo. Mu 1964 William King, wa kampani ya mafuta ya Esso, adapaka mwala wotere zinthu zokoka nthunzi n'kuyezera chinyezi ndi mipweya ina. Miyala yawoyo inkagwedezeka thupi lonse. Mu 1965, payunivesite ya California ku Berkeley, Richard White ndi Fred Voltmer adapeza njira yapafupi yoyambitsira mafunde a Rayleigh pamwamba pokha. Adajambula pamwalapo tizitsulo topyapyala tooneka ngati zipeso ziwiri zolowetsana mano. Magetsi akalowa m'zipesozo, mwala wa pakati pa manowo umafufuma ndi kunyala motsatizana, funde n'kunyamuka. Kutsogolo kuli zipeso zina ziwiri zimene zimalandira fundelo n'kulibwezera kukhala magetsi.

Pa quartz funde lotere limathamanga mamita oposa pang'ono 3,100 pa sekondi. Kutalikirana kwa mano a zipeso ndiko kumasankha kuchuluka kwa mafunde, ndipo pa timiyala tina totchuka pa kafukufuku ameneyu mafunde ankadutsa 158 miliyoni pa sekondi, lililonse lili lalifupi moti atatu ondondozana angakwane m'kunenepa kwa tsitsi limodzi. Oyamba kupindula ndi luso limeneli adali opanga rada ndi wailesi zakanema, amene adapeza kuti kamwala kotere kamasefa bwino mafunde a wailesi, kulola ofunika okha kudutsa. Lero foni yam'manja iliyonse, ngakhale ya wothyola tiyi ku Lujeri kapena wakabaza wa pa Chitakale, ili ndi timasefa tingapo ta SAW. Opanga ake amatitsekera m'timabokosi tosalowa mpweya, chifukwa adaona kuti kafumbi kapena kachinyezi kakagwera pamwalapo, sefayo imasokonekera.

Chimene opanga wailesi ankachiona ngati chilema ndicho Henry Wohltjen ndi Raymond Dessy, a pasukulu ya Virginia Polytechnic Institute, adachitenga kukhala ntchito. Mu 1979 adafalitsa zotsatira zosonyeza kuti kamwala ka SAW kakasiyidwa poyera, kamatha kuzindikira nthunzi ya mankhwala. Popeza mphamvu yonse ya funde ili pamwamba, pamalo pomwe nthunziyo imatera, ndiponso popeza mafunde ake ndi ofulumira kwambiri kuposa a miyala ya King, kanthu kochepetsetsa kamasiya chizindikiro. Gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu ndi katundu woti kamwalaka kamamumva bwinobwino.

Woimba ng'oma za tchopa sangavutike kumvetsa zimene zimachitika. Akafuna kuti ng'oma ilire mawu aakulu, amamata phula pakati pa chikopa, ndipo phula likachuluka mawu amatsikirabe. Chikopa cholemera chimagwedezeka mochedwa. Mwala wa SAW uli ngati chikopa chimenecho, nthunzi ya poizoni ndiyo phula, ndipo makina owerenga mafunde ndiwo khutu la woimba. Fanizoli limafika ngakhale pa zovuta zake. Ng'oma ikawambidwa pamoto mawu amakwera, ikagona pachinyezi amatsika, popanda wokhudza phula. Nawonso mwala umasintha mawu kukatentha kapena kukazizira. Pothana ndi zimenezi amisiri amadula quartz mopendeketsa mwa njira imene kutentha sikumusokoneza kwambiri, ndipo amaika timiyala tiwiri pamodzi, kena kopakidwa kena kosapakidwa, n'kumawerenga kusiyana kwa mawu ake.

Mwala pawokha susankha, chilichonse chotera umangochiyeza. Luso lenileni lidakhala pa chopakacho, ndipo pamenepa ndi pamene padathera zaka zambiri za kafukufuku, makamaka ku Naval Research Laboratory mumzinda wa Washington, kumene Wohltjen adapita ndiponso kumene kunkagwira ntchito Jay Grate ndi Susan Rose-Pehrsson. Chopakacho ndi polymer, kachikopa kofewa ngati labala, kopyapyala kuposa utoto uliwonse. Ntchito yake ndi yonga ya ulimbo, koma ulimbo wake wovuta kupeza: uyenera kugwira mbalame ya mtundu umodzi, n'kuitayanso mphepo yabwino ikawomba, kuti msampha ukhale wokonzeka kachiwiri. Ukagwira kwambiri, chipangizo chimagwira ntchito kamodzi ngati pepala lija. Ukagwira mofooka, poizoni amadutsa osadziwika. Sarin, soman ndi VX onse ali ndi mbali imene phosphorus wagwirana ndi okosijeni, ndipo ofufuza adapeza kuti polymer wokhala ndi fluorine wambiri, monga fluoropolyol ndi wina wotchedwa SXFA, amakonda kukola mbali imeneyo mosamangitsa. Popeza sarin weniweni saloledwa m'malabotale wamba, mayeso ambiri amachitika ndi DMMP, mankhwala ofanana naye kapangidwe koma osaopsa motero.

Ngakhale polymer wabwino chotani amakolako zinthu zina. Yankho lake lidali kuika timiyala tingapo pamzere, kalikonse ndi chopaka chake: kena kokonda madzi, kena kokonda mafuta, kena kokonda mustard, kena kokonda banja la sarin. Nthunzi ikadutsa, kalikonse kamatsitsa mawu mwa muyezo wake, ndipo kompyuta imayang'ana mayankho onsewo pamodzi n'kuwayerekeza ndi amene idaphunzitsidwa. Wolawa tiyi m'fakitale amachita chimodzimodzi, pakuti sagamula ndi mtundu wokha kapena kuwawa kokha, amaphatikiza zonse. Adawonjezanso kachubu kodzaza ndi ufa wokoka nthunzi, kamene kamasonkhanitsa fungo kwa kanthawi, kenako n'kutenthedwa mwadzidzidzi kuti kalavulire zonse pamwala nthawi imodzi. Mu 1993 gulu la Grate lidalengeza za makina otere amene ankazindikira organophosphate wochepa kwambiri m'mphindi ziwiri. Wohltjen adali atatsegula kale kampani yake, Microsensor Systems, imene idatulutsa zipangizo zonyamula m'manja monga SAW MiniCAD ndi HAZMATCAD, zogulidwa ndi ozimitsa moto, apolisi ndi olondera nyumba zikuluzikulu.

Kunja kwa labotale zinthu sizidayende mosalala. Mdani wamkulu wa kachipangizoka ndi madzi a mumpweya, amene amakhala ochuluka kuwirikiza zikwi zambiri kuposa poizoni wofunidwayo, ndipo amalowa pafupifupi m'chopaka chilichonse. Malo onga kummwera kwa phiri la Mulanje, kumene mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka ndipo chiperoni amatha kukuta minda masiku angapo dzuwa n'kudzawala mwadzidzidzi, ndi mtundu wa malo amene amayesa chipangizo chotere mopanda chisoni. Utsi wa dizilo, petulo, utoto ndi mankhwala okolopera nazonso zimatha kuliza belu pachabe, ndipo polymer amakalamba, mayankho ake n'kuyamba kusiyana ndi amene kompyuta idaphunzira. Belu lolira pachabe ndi loopsa mwa njira yake, chifukwa anthu amatopa nalo n'kulizimitsa, monga zidachitikira ndi mabelu a mtundu wina pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 asilikali a America adaika chiyembekezo chachikulu pa kachipangizo ka m'thumba kotchedwa JCAD, kodalira SAW. Patapita zaka zingapo za mayeso kadalephera kukwaniritsa zimene ankafuna, ndipo dzinalo lidapatsidwa kwa chipangizo cha Smiths Detection chogwira ntchito mwa njira ina, yoyeza liwiro la timagawo ta mpweya topatsidwa mphamvu ya magetsi. Njira imeneyo, yomwenso imagwiritsidwa ntchito popima zikwama pa mabwalo a ndege, ndiyo yafala kwambiri pakati pa asilikali.

N'zochititsa chidwi kuti mbalame sizidachoke msanga. Pa 20 March 1995 gulu la Aum Shinrikyo lidatulutsa sarin m'sitima zapansi pa nthaka ku Tokyo, anthu oposa 10 n'kufa, zikwi n'kuthamangira kuchipatala. Patapita masiku awiri apolisi adalowa kumalo a gululo atavala zophimba kumaso, m'manja atanyamula zikwere za canary. Mu 2003 asilikali a America opita ku Iraq adatenga nkhuku 43 kuti zikhale alonda awo ku Kuwait, koma pafupifupi zonse zidafa m'masiku ochepa popanda poizoni aliyense, iwo n'kugula nkhunda.

Kufunika kodziwa msanga kudaonekera bwino tsidya lina la malire. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idafika pakhomo pa Mulanje mu 1986, pamene Renamo idalanda tawuni ya Milange, anthu n'kukhamukira kuno kudzera ku Muloza, ndipo pofika mu 1992 othawa nkhondo m'Malawi adaposa miliyoni imodzi. Mu January chaka chimenecho, kummwera kwa Mozambique kufupi ndi malire a South Africa, asilikali a boma adanena kuti chinthu china chidaphulika pamwamba pawo, kenako adayamba kumva kutentha, ludzu ndi kusokonezeka mutu, ena n'kufa. Boma la Mozambique lidadandaula kuti adathiridwa mankhwala. Akatswiri a United Nations adafika mu March, patatha miyezi iwiri, ndipo lipoti lawo lidati sikudali kotheka kugamula ngati mankhwala adagwiritsidwadi ntchito. Nthunzi siidikira wofufuza. Zokayikira zidaloza ku South Africa, imene panthawiyo idali ndi ntchito yachinsinsi ya zida zoterezi yotchedwa Project Coast motsogozedwa ndi Wouter Basson, ndipo nkhaniyo idatulukanso pa zokambirana za Truth and Reconciliation Commission mu 1998.

Mu January 1993, mayiko adasaina ku Paris pangano loletsa kupanga, kusunga ndi kugwiritsa ntchito zida za mankhwala. Lidayamba kugwira ntchito pa 29 April 1997, ndipo Malawi adalivomereza kwathunthu mu 1998. Bungwe loliyang'anira, OPCW, lili ku The Hague, ndipo mu July 2023 lidatsimikiza kuti zida zonse zimene mayiko adaulula zawonongedwa. Komabe panganoli silidalepheretse kugwiritsidwa ntchito kwa sarin ku Ghouta m'dziko la Syria mu 2013, VX pabwalo la ndege la Kuala Lumpur mu 2017, kapena Novichok ku Salisbury mu 2018. Pa milandu yonseyi umboni womaliza udachokera m'malabotale akuluakulu okhala ndi makina olekanitsa mankhwala n'kuyeza kulemera kwa timagawo take. Kachipangizo ka m'manja, kaya ka SAW kaya ka mtundu wina, ntchito yake ndi kuchenjeza kuti anthu athawe kapena avale zodzitetezera. Kugamula mlandu sikungathe.

Kumene mwalawu wapeza malo okhazikika ndi kumene waphatikizidwa ndi njira zina. Makina otchedwa zNose, a kampani ya ku California, amayamba alekanitsa fungo m'kapaipi kopyapyala kuti mankhwala azituluka limodzilimodzi, kenako lililonse limatera pa quartz wosapakidwa chilichonse n'kuyezedwa, zonsezi m'masekondi ochepa. Mwa njira imeneyi vuto la polymer wokalamba limachoka. Ofufuza agwiritsa ntchito makina otere poyesa zakudya, zakumwa, zophulika ndi mpweya wotuluka m'kamwa mwa odwala. Komabe pa ntchito zina mphuno ya chamoyo idakalipobe patsogolo. Mabomba okwiriridwa m'nthaka ya Mozambique, dziko limene lidalengezedwa kuti layeretsedwa mu September 2015, ena mwa iwo adapezedwa ndi abwampini ophunzitsidwa ndi bungwe la APOPO ku Morogoro m'dziko la Tanzania, amene amanunkhiza TNT ali opepuka moti bomba siliphulika akaliponda.

M'Malawi udindo woyang'anira mankhwala a m'munda uli m'manja mwa Pesticides Control Board, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000 limene likulu lake lili ku Bvumbwe, ndipo kuyesa zotsalira za mankhwala m'zakudya ndi ntchito ya m'labotale. Kumunda ndi kunkhokwe, chodziwira chimene wopopera mankhwala amakhala nacho nthawi zambiri ndi thupi lake lomwe, monga zidalili ndi msilikali wa ku Ypres. Zizindikiro zake, zomwe zina mwa izo zidamupeza Schrader mu labotale yake, ndi izi: mutu, dovu lochuluka, thukuta, maso ochita mdima ndi chifuwa chothina. Wopezeka nazo amafunika kumuchotsa pamalopo, kumuvula zovala zonyowa ndi mankhwala, kumusambitsa ndi sopo n'kuthamanga naye kuchipatala, botolo kapena pepala la mankhwalawo lili m'manja. Jakisoni amene adokotala amabaya munthu wotero, atropine, ndi yemweyo amene msilikali woopa sarin amayenda naye m'thumba.